Makina Akazima Okha, Yambani Mwafunsa Chifukwa

Ana anga, anyamata ndi atsikana amene mwasankha ntchito ya magetsi, kaya muli pa Chipata Trades, kaya munapita ku NORTEC ku Ndola kapena ku Copperbelt University ku Kitwe, ndili ndi langizo limodzi loti mulisunge mpaka tsiku limene mudzaimirire nokha pamaso pa makina aakulu. Makina akazima okha, musathamangire kuwayatsanso musanadziwe chimene chawazimitsa. Kulinena n'kosavuta. Kulisunga kumavuta pa nthawi imene foni ikungolira, abwana akufunsa, ndiponso tauni yonse ili mumdima. Ndasankha kukufotokozerani langizoli kudzera pa makina a gas turbine, chifukwa pa makina onse opangira magetsi amenewa ndi amene salekerera mmisiri waphuma, ndipo chimene mungaphunzire pa iwo chidzakuthandizani pa makina ena alionse.

Tiyambe ndi kumene magetsi athu amachokera. Kwa zaka zambiri Chipata ankadalira chingwe cha 66 kV chochokera ku Lusiwasi, siteshoni yaing'ono ya megawati 12, mpaka pamene anamanga chingwe chachikulu cha 330 kV kuchokera ku Pensulo, kufupi ndi Serenje, kudzafika kuno kum'mawa. Magetsi amene amayenda m'chingwe chimenechi ambiri ndi a madzi: Kariba North Bank ya megawati 1,080, Kafue Gorge ya megawati 990 ndi Kafue Gorge Lower ya megawati 750, kuwonjezapo megawati 300 a malasha a ku Maamba. Komabe Zambia ali nawo makina a gas turbine. Kampani ya Copperbelt Energy Corporation imasunga megawati 80 a makina otere oyendera dizilo ku Luano, Bancroft, Kankoyo ndi Maclaren, ndipo ntchito yawo ndi kudikira tsiku limene magetsi a dziko lonse adzathime. Mgodi wa Konkola ku Chililabombwe umapopa malita a madzi oposa 300 miliyoni tsiku lililonse, ndipo mapampu akaima madziwo amayamba kukwera pomwepo. Mu Januwale 2008 magetsi anathima m'dziko lonse, anthu ogwira ntchito m'migodi n'kutsekeredwa pansi kwa maola angapo. Pa tsiku lotero, makina okana kuyaka ndi nkhani ya moyo wa atate a ana ena, ndipo amene amayembekezeredwa kupeza chovuta ndi mmisiri ngati inu.

Kayendedwe ka makinawa n'kosavuta kukamvetsa. Mbali yakutsogolo, kompuresa, imakoka mpweya n'kuupanikiza. Pakati amathirapo dizilo kapena gasi n'kuyatsa moto. Mpweya wotenthawo, umene umaposa madigiri 1,000, umakankha mapiko a kumbuyo, ndipo mapikowo amazunguza kompuresa ija pamodzi ndi jenereta. Pa magetsi athu a 50 Hz, jenereta yotere imazungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi, kutanthauza ka 50 pa sekondi. Tangoganizani katundu yense wa magetsi atachoka mwadzidzidzi chifukwa chingwe chaduka, koma mafuta akulowabe: liwiro limakwera m'masekondi ochepa, ndipo palibe dzanja la munthu limene lingafike pa valavu nthawi yake. N'chifukwa chake anaikapo kompyuta yoyendetsa makina, imene imawerenga liwiro, kutentha, kunjenjemera, moto ndi mphamvu ya oyilo kambirimbiri pa sekondi. Liwiro likafika cha m'ma 3,300 imatseka mafuta osafunsa aliyense. Choncho makina akatiripa, kutanthauza akazima okha motere, kompyutayo yachita ntchito imene inaikidwira. Yaona chinthu chimene inu simunachione, ndipo udindo wanu woyamba ndi kupeza chimene yaonacho.

Makina akakana kuyaka, poyambira panu pakhale pa ndondomeko ya kayatsidwe, chifukwa kompyuta sidumpha sitepe. Isanayambe n'komwe imafuna kutsimikiza kuti oyilo alipo ndipo akuyenda, mavalavu a mafuta ndi otseka, ndiponso palibe alamu yotsala. Kenako mota yoyambitsira imazunguza makina opanda moto, kuti mpweya utulutse nthunzi ya mafuta imene ingakhale itatsalira mkati. Zikatero kompyuta imathira mafuta pang'ono, n'kuyatsa moto, n'kudikira masekondi owerengeka kuti sensa ya moto ivomere. Ikavomera, liwiro limakwera pang'onopang'ono mpaka kufika pa mlingo wake, kenako jenereta imalumikizidwa ku chingwe. Mmisiri amene ndondomekoyi ili pamtima amangofunsa kuti makina aimira pa sitepe iti, ndipo funso limodzilo limachotsa zokayikira zambiri. Ngati sanazungulire n'komwe, palibe chifukwa chomasulira mapaipi a dizilo. Ngati anazungulira koma moto sunagwire, yang'anani mafuta, zoyatsira moto ndi sensa ya moto. Ndipo musabwerezebwereze kuyatsa makina okana kugwira moto ngati mmene ena amachitira ndi galimoto, chifukwa dizilo wosapsa amaunjikana mkati, ndipo moto ukadzagwira umagwira ndi kuphulika.

Makina akazima ali pakati pa ntchito, sikirini imadzaza ndi maalamu ofiira, ndipo apa ndi pamene achinyamata ambiri amasokonezekera. Dziwani kuti maalamu ambiri amene mukuwaonawo ndi zotsatira chabe. Mafuta akatsekedwa moto umazima, liwiro limatsika, kutentha kumatsika, mphamvu ya oyilo imasintha, ndipo chilichonse mwa zimenezi chimaliza alamu yake. Amene angoona alamu ya moto wozima n'kuthamangira kukasintha sensa ya moto wataya tsiku lonse pa chinthu chimene chinalibe vuto. Makompyuta a masiku ano amalemba chochitika chilichonse pamodzi ndi nthawi yake, mpaka kagawo ka sekondi, ndipo alamu imene inalira poyamba ndiyo ikuloza kumene vuto linayambira. Musanadine batani lofufutira maalamu, sungani mndandandawo, ujambuleni ngakhale ndi foni, ndipo tsegulani zojambula zoonetsa mmene liwiro, kutentha ndi mafuta zimayendera mphindi zingapo makina asanazime. Funsaninso amene anali pa shifiti kuti anamva chiyani, ndiponso kuti ndani anagwirapo chinthu dzulo lake. Kawirikawiri vuto limatsatira ntchito yomaliza imene inagwiridwa pa makinawo.

Mukapeza alamu yoyamba, pamatsala funso lalikulu: kodi makina ndi amene akudwaladi, kapena sensa ndi imene ikunama? Yankho lake silipezeka mwa kulosera. Masensa ambiri amatumiza uthenga wawo pa kamphamvu ka pakati pa 4 ndi 20 mA. Ngati sensa imayeza kuyambira 0 mpaka 10 bar, ndiye kuti 4 mA ndi 0 bar, 12 mA ndi 5 bar, ndipo 20 mA ndi 10 bar. Anayambira dala pa 4 kuti mita yanu ikawerenga 0 mA mudziwe kuti waya waduka kapena fyuzi yapsa, osati kuti oyilo watha. Yerekezaninso ndi geji ya pa paipi pomwepo: ngati sikirini ikunena zina geji n'kumanena zina, chimodzi mwa ziwirizo chikunama. Chimodzimodzi ndi masensa a kutentha amene anazungulira potulukira utsi. Imodzi yokha ikamalumphalumpha pamene zinzake zili phee, kayikirani waya wake. Koma zitatu kapena zinayi zoyandikana zikazizira limodzi, ndipo malo ozizirawo n'kumasuntha mukasintha katundu wa jenereta, ndiye kuti mbali ina moto sukuyaka bwino, mwina chifukwa kabowo kothirira mafuta katsekeka. Vuto limenelo ndi lenileni, ndipo mukalinyalanyaza limapsereza mapiko.

Palinso msampha wina umene unapusitsapo akatswiri a maphunziro apamwamba, ndiwo kusokoneza lamulo limene kompyuta yapereka ndi chimene chachitikadi. Pa 28 Malichi 1979, pa siteshoni ya nyukiliya ya Three Mile Island ku America, valavu ina inatseguka n'kukana kutsekekanso. Getsi la m'chipinda choyendetsera makina linkangoonetsa kuti lamulo loti valavuyo itseke laperekedwa, ndipo ogwira ntchito anakhulupirira kuti yatsekeka. Madzi oziziritsa anakhala akutayika kwa maola oposa awiri, mkati mwa makina n'kusungunuka. Pa gas turbine nkhani ndi yomweyo. Kompyuta imauza valavu ya mafuta kuti itseguke theka, ndipo pali sensa ina imene imabweza yankho la pamene valavuyo yafikadi. Manambala awiriwa muziwaika pamodzi nthawi zonse. Akasiyana, mwina valavu ikukakamira chifukwa oyilo woikankha wakalamba ndipo wasiya utomoni, mwina sefa yake yatsekeka, mwina sensayo yasokonekera. Ngati n'kotheka kutero mosaika moyo pachiswe, pitani mukaione valavuyo ndi maso anu.

Musanyozenso zinthu zazing'ono, chifukwa makina okwera mtengo kwambiri amagwetsedwa ndi zinthu zotsika mtengo. Makina odikira ngozi, ngati aja a ku migodi, amatha nthawi yaitali osayenda, ndipo kukhala chabe nakonso kumawononga. Dizilo wokhalitsa m'thanki amasonkhanitsa madzi ndi matope pansi. Fumbi la m'chilimwe limatseka sefa za mpweya. Sikuluwu ya waya imamasuka ndi kunjenjemera, chinyezi cha m'dzinja chimadyetsa dzimbiri, ndipo makoswe amatafuna mawaya m'ngalande. Koposa zonse samalani mabatire. Kompyuta, zotetezera, ndi pampu ya oyilo ya pangozi zonse zimadalira mabatire pamene magetsi ena athima. Pa 25 Meyi 2021, pa siteshoni ya malasha ya Callide ku Australia, makina ena anataya magetsi a mabatire pamodzi ndi magetsi ena onse. Zotetezera zinalephera kuwachotsa pa chingwe, mapampu a oyilo anaima, ndipo makinawo anaphwasukiratu. Kuyeza mabatire ndi kuyatsa makina odikira pa nthawi yoikika ndi ntchito imene palibe amene amakuombera m'manja, koma ndi imene imaonetsa ngati siteshoni ili ndi amisiri enieni.

Ndikudziwa zimene ena mwa inu anganene. Mudzati, agogo, zonsezi n'zabwino m'kalasi, koma anthu ali mumdima. Mfundo imeneyi sindikuipeputsa. Tonse tinaona 2024, pamene chilala chinachepetsa kwambiri madzi a m'nyanja ya Kariba, Pulezidenti Hakainde Hichilema n'kulengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lili pa tsoka, ndipo madera ena ankatha maola oposa 20 pa tsiku opanda malaiti. Owotcherera zitsulo ku Kapata kuno ku Chipata, ometa tsitsi, a zigayo ndi ogulitsa za m'firiji anataya ndalama zimene sanazipezenso. Mmisiri amene sakhudzidwa ndi zimenezi sayenera ntchitoyi. Koma werengani bwino mtengo wa mbali zonse ziwiri. Kufufuza chifukwa kungatenge ola limodzi kapena tsiku. Makina oyatsidwa mokakamiza akathyola mapiko kapena kupsereza mabeyaring'i, zipangizo zake sizipezeka pa shopu ya m'tauni: zimaitanitsidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo kudikira kwake ndi miyezi. Amene wayatsa mwaphuma chifukwa chomvera anthu chisoni angathe kuwapatsa mdima wautali kuposa umene ankafuna kuwachotsera. Makolo anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudekha kumene ndikunena pano ndi kwa munthu amene akugwira ntchito mwachangu koma motsata ndondomeko, ndipo munthu wotero ndi amene amayamba kufika pa yankho.

Ena adzati, nanga si mwavomereza nokha kuti masensa amanama? Bwanji osangojampa sensa yovutayo, kuilambalala ndi waya, makina n'kumayenda? N'zoona kuti nthawi zambiri makina amazima chifukwa cha waya kapena sensa, ndipo opanga makina akudziwa zimenezi. N'chifukwa chake pa zinthu zofunika kwambiri amaika masensa atatu, kompyuta n'kumamvera awiri ogwirizana. Koma galu akauwa usiku katatu popanda wakuba, mwini nyumba wanzeru sam'manga pakamwa, chifukwa usiku wachinayi wakuba angabweredi. Pa 17 Ogasiti 2009, pa siteshoni ya madzi ya Sayano-Shushenskaya ku Russia, makina amene anakhala akunjenjemera mopyola mlingo kwa nthawi yaitali anazuka pamalo pake, madzi n'kudzaza nyumba yonse ya makina, ndipo anthu 75 anafa. Manambala ankaoneka, koma anthu anali atawazolowera. Ngati sensa yatsimikizika ndi mita kuti ndi yakufa, ndipo mpofunika kuichotsa kwa kanthawi, zichitike poyera: injiniya wamkulu avomereze, zilembedwe m'buku, a shifiti yotsatira auzidwe, paikidwe njira ina yoyang'anira chinthucho, ndiponso tsiku lobwezeretsa lidziwike. Chitetezo cha liwiro ndi cha oyilo musachijampe makina akuyenda, ngakhale atakulamulani ndani. Waya wojampa mobisa amaiwalika, ndipo amene amadzavulala naye ndi mnzanu amene sanadziwe kuti alipo.

Palinso amene amati nzeru zimenezi zinatha ntchito, chifukwa makina a masiku ano amadziyeza okha, ndipo zikavuta kampani imene inawapanga imatumiza katswiri wake pa ndege kapena kuyang'ana kudzera pa intaneti. Thandizo limenelo ndi labwino ndipo tizililandira. Koma kompyuta imadziwa zokhazo zimene masensa aiuza. Siimva fungo la waya wopserera, siiona dontho la oyilo pansi, ndipo sidziwa kuti dzulo wina anatsuka pafupi ndi bokosi la mawaya. Katswiri wakutali naye amayamba ndi kufunsa kuti alamu yoyamba inali iti, mwayeza chiyani, ndiponso zinayamba liti, ndipo ngati amene ali pamalopo sangathe kuyankha, ulendo wake umatalika ndipo bilu yake imakula. Dziko limene limagula makina koma osakulitsa ana ake oti aziwamvetsa limalipira makinawo kawiri. N'chifukwa chake malo ngati Kafue Gorge Regional Training Centre ku Namalundu ndi ofunika, ndipo n'chifukwa chakenso muyenera kuphunzira kuwerenga mapulani a mawaya ndi kulemba bwino m'buku la ntchito. Lembani chimene munaona, chimene munayeza, chimene munasintha, ngakhalenso chimene munayesa koma sichinathandize. Zolemba zotero ndi zimene zimasandutsa vuto la lero kukhala nzeru ya siteshoni yonse.

Funso lomaliza ndi la kwathu kuno. Wina adzati ku Chipata kulibe gas turbine, ndiye mwana wa ku Katete, Chadiza kapena Lundazi aphunzirirenji zimenezi? Choyamba, ntchito ya magetsi imayendetsa munthu. Mukhoza kudzapezeka ku Copperbelt, kapena kwa anansi athu ku Mozambique, kumene siteshoni ya megawati 450 ya ku Temane inakonzedwa kuti iziyendera makina amenewa. Chachiwiri, chimene ndikukuphunzitsani ndi khalidwe, ndipo khalidwe limayambira pa zazing'ono. Mota ya chigayo ikamatiripa, pali amisiri amene amangokweza nambala ya chotetezera kapena kumanga waya wokhuthala m'malo mwa fyuzi, ndipo sabata isanathe motayo imapsa. Mmisiri wabwino amayeza ngati mawaya onse atatu akubweretsa magetsi ofanana, ngati beyaring'i yauma, kapena ngati mwini chigayo akuthira chimanga chopyola muyezo. Pampu ya pa chitsime, jenereta ya pa chipatala imene iyenera kudziyatsa yokha magetsi akathima, inveta ya sola imene ikuonetsa nambala ya vuto, zonsezi zimafuna mafunso omwewo: chinayamba n'chiyani, sensa ikunena zoona kapena ayi, lamulo linachitikadi kapena ayi. Amene wazolowera kujampa pa chigayo adzajampanso pa makina a megawati 20, chifukwa dzanja limachita chimene linazolowera.

Pansi pa zonsezi pali kunena zoona. Pamafunika mtima wolimba kuti wachinyamata auze abwana ake mwaulemu kuti, bwana, sindinapeze chifukwa, ndipatseni ola limodzi. Pamafunikanso mtima womwewo kuti anene kuti ndi iye amene anasiya waya osamanga, pamene akanatha kukhala chete anzake n'kumafufuza usiku wonse. Inu atsikana, ntchito imeneyi ndi yanunso, chifukwa chimene imafuna kwambiri ndi maso openya ndi mutu woganiza mwadongosolo. Khalani pafupi ndi amisiri akale amene amadziwa kulira kwa makina awo, afunseni, ndipo zimene akuuzani muziyese ndi mita. Nanunso akuluakulu a ntchito amene mukuwerenga mawuwa, musakalipire mwana amene wapempha nthawi yofufuza, chifukwa mukatero mukumuphunzitsa kubisa. Anthu a ku Mchini ndi ku Navutika kuno ku Chipata sadzadziwa dzina la mmisiri amene anakana kuyatsa makina asanapeze vuto, koma magetsi amene adzayake mawa ndi chaka chamawa adzakhala ochokera m'manja mwake. Ana anga, khalani amisiri otero.